Kodi opereka magazi azipatsidwa kangachepe?

Mayi a Tadala (Chipoka):

Abale ndithandizeni maganizo, nkhani iyi ikundisowetsa tulo. Mu February mwana wanga wa zaka 3 anadwala malungo, tinamupatsa LA koma tsiku lachitatu kumuyang'ana m'manja muli mbee, kutsegula chikope muli mbuu ngati pepala, kupuma mothamanga, ngakhale kulira akulephera. Kufika kuchipatala (sinditchula dzina, anesi ake anayesetsa ndithu) akuti magazi achepa kwambiri akuyenera kuikidwa lero lomwe koma a gulu lake atha, pezani achibale. Bambo ake anali panyanja foni yosagwira, ine kundipima akuti amayi inunso anu ndi ochepa, komanso mukuyamwitsa. Ndinakhala pakhonde la labu nditagwira khadi la mwana ndikungolira, kubwera mnyamata wina wosamudziwa akuti amayi ine nditha kupereka koma mundipatse 20 pin. Pampango ndinali ndi 3 pin yokha. Anangochoka osanena kanthu. Mwayi wake alamu anga anafika panjinga yamoto chakumadzulo, magazi anagwirizana, mwana ndi uyu akusewera panjapa.

Tsiku limenelo mnyamata uja ndinamukwiyira kwambiri koma pano ndimaganiza kuti mwina nayenso inali njala. Ndiye funso langa ndi ili, bwanji a boma ndi a MBTS, bungwe lotolera ndi kugawa magazi m'zipatala, osangokonza kuti aliyense wopereka magazi azilandira kangachepe, kaya ndalama kaya shuga ndi sopo? Anthu sangakhamukire? Si kuti mafiriji angadzaze ana athu n'kusiya kufera pamzere?

Wapalabu:

Pepani kwambiri mayi, tithokoze Mulungu kuti mwana ali bwino. Ine ndimagwira ntchito ya palabu, ndipo zomwe mwafotokozazi ndimaziona chaka chilichonse kuyambira December mpaka April. Nthawi ya mvula malungo amachuluka, ana ambiri amabwera magazi atatheratu, pomwe magazi ambiri a MBTS amachokera kwa ana a sekondale ndiye akangotsekera holide ya Khirisimasi basi kwathina. Komanso magazi si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe mpaka chaka chamawa, thumba likakwana masiku 35 kapena kupitirirako pang'ono latha ntchito.

Koma za ndalamazo ine ndikukana, ndipo ndikukana chifukwa cha mwana wanu yemweyo. Munthu asanapereke timamufunsa mafunso, ena ochititsa manyazi ndithu, wagonapo ndi munthu watsopano posachedwa, unadwalapo chikasu, ukumwa mankhwala anji. Wobwera mwa kufuna kwake amayankha zoona poti palibe chomwe ataye tikamubweza. Koma amene akudziwa kuti akayankha zoona 20 pin yapita, mukuganiza anena chiyani? Inde magazi onse amayezedwa, HIV, matenda a chiwindi aja a hepatitis B ndi C, chindoko, malungo, koma munthu akangotenga kumene kachilombo pamakhala masiku angapo oti makina sakaona ngakhale kali m'thupi. Pamenepo chomwe chimatchinjiriza wodwala ndi chilungamo cha wopereka basi. N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, kuyambira 1975 amalimbikitsa maiko kuti magazi azichokera kwa anthu odzipereka osalipidwa, ndipo MBTS chiyambireni mu 2003 imayendera zomwezo. Chinanso wosaukayo azibwera pafupipafupi kufuna ndalama, kusintha dzina, pomwe abambo amayenera kudikira miyezi 3 amayi miyezi 4, mapeto ake agwa yekha.

Kabaza wa pa Kamuzu Road:

Achimwene a palabu mfundo zanu ndamva koma mbali yathu simunaiganizire. Ine ndaperekapo ka 4, palibe anandikakamiza. Koma tsiku loperekalo amakuuza kuti usagwire ntchito yolemetsa, nanga ine ntchito yanga ndi yopalasa, kunyamula munthu ndi thumba la mpunga padzuwa la ku Salima kuno. Ndiye tsikulo geni yafa, njinga ndi ya eni ake madzulo akufuna yawo, kunyumba akufuna ndiwo. Ndimabwerako ndi Fanta m'mimba ndi mabisiketi awiri m'thumba omwe ndimakapatsa mwana. Sindikupempha kuti agule magazi anga ayi, magazi alibe mtengo, koma kundibwezera ya thiransipoti ndi ya tsikulo ndi kugula kodi? Anthu opita ku ma wekishopu ku Senga Bay amalandira alawansi chifukwa chongokhala pampando kumwa tiyi, ine wotaya 450 ml ndizibwerera wapansi?

Wapalabu:

Pamenepo achimwene sindikutsutsani. Kubweza thiransipoti yeniyeni yomwe munthu wagwiritsa ntchito, chakumwa, kamphatso kakang'ono, izi sizitengedwa ngati malipiro. Povuta ndi pamene kangachepe kaja kakula mpaka munthu n'kuyamba kukawerengera ngati ganyu.

Aphunzitsi ku Linga (Nkhotakota):

Ine ndikuuzeni zomwe ndimaona kusukulu kwathu galimoto ya magazi ikabwera. Ana a zaka 16 kupita m'mwamba amafola mzere wautali mpaka kuseri kwa holo, palibe ndalama yomwe amalandira, chomwe chimawakoka ndi anzawo, kudziwa gulu la magazi awo, ndi kakhadi kaja kolembapo kuti wapereka kangati. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandionetsa khadi lake ataliika mu pepala la pulasitiki ngati satifiketi, akuti madamu ndikufuna lidzaze. Tisheti imodzi yokha mwana amaivala mpaka kolala kuthetheka. Ndiye mphatso zimagwira ntchito ndithu, koma zija zoti munthu aziyenda nazo monyadira. Club 25 ija inayambira ku Zimbabwe mu 1989, achinyamata kulonjeza kupereka ka 25, ndipo kuno iliko, mzimu wake ndi womwewu.

Chimene chimandipweteka ine n'choti tawasiyira ana katundu wa akuluakulu. Akangolemba MSCE n'kubwerera kumudzi ku Mwansambo kaya ku Benga basi atayika, palibe owatsata, galimoto ija imabwereranso kusukulu kukapeza ena atsopano. Ife aphunzitsi timangoima poteropo kusunga mzere manja m'thumba, nanenso ndinayamba kupereka mochedwa nditachita manyazi ndi ana anga omwe. Bwanji osapita ku Dwangwa nthawi yodula mzimbe komwe kuli anthu ambirimbiri, kumadoko m'mawa asodzi akamatuluka, kumipingo, kumizikiti Lachisanu akatha Juma? Pa 14 June paja ndi tsiku la opereka magazi padziko lonse, mafumu athu atati aziitana amene apereka ka 10 n'kuwaimika pabwalo pamaso pa mudzi wonse, ndikhulupirira ambiri angasirire kuposa shuga wa paketi imodzi.

Gogo Chia:

Ana inu mukukamba za mphatso koma anthu kuno chomwe chikuwaletsa ndi mantha. Mwaiwala za anamapopa mu 2017, anthu anaphedwa kummwera kuja chifukwa cha mphekesera chabe? Mpaka lero kumudzi kuno wina akaona galimoto yoyera ndi matumba a magazi amatseka chitseko. Ena amati ukapereka mphamvu za m'nyumba zimatha, bodza lenileni, ine ndinapereka kambirimbiri ndisanakwane zaka 65 ndipo ana ndili nawo 7. Ena amati magaziwo amakagulitsa. Tsono mukabwera ndi ndalama m'manja ndiye mwawatsimikizira kuti ndi malonda, adzati mwaona, akutipatsa 5 pin iwo akukagulitsa 100. Chomwe ndingapemphe ine n'choti munthu wapereka aziuzidwa, ngakhale ka meseji pafoni, kuti magazi anu aja athandiza munthu. Osatchula dzina la wodwala ayi. Ine zaka zonse zija sindinamvepo komwe anapita, ndinkangokhulupirira.

Mayi a Tadala (Chipoka):

Zikomo nonse. Achimwene a palabu mwandiopsa, tsiku lija ndikanakhala nayo 20 pin ija ndikanapereka osaganiza kawiri, ndipo sindikudziwa kuti mnyamata uja akanayankha zotani pa mafunso anuwo. Koma a kabaza nawonso akunena zoona, alamu anga anathira mafuta a ndalama zawo kuchoka ku Lifuwu ndipo mawa lake sanapite kumunda, palibe anawafunsa kuti mwayenda bwanji kupatula ine. Gogo, meseji imeneyo ine ndikanakonda kuitumiza ndekha kwa aliyense amene anaperekapo, poti pa bedi loyandikana nafe panali mayi wina wochokera ku matenite amene anaikidwa matumba awiri a munthu amene sadzamuona n'komwe.

Ndikangosiyitsa kuyamwitsa ndikapimitsa, akandilola ndipereka. Bambo a Tadala ndawauza kale, akuti amaopa jakisoni koma apita, ndipo akuti akokanso anzawo a pa bwato lawo. Aphunzitsi, ngati mukudziwa tsiku lomwe galimoto ija idzafike mbali ya Salima kuno tiuzeni msanga, asodzi amafunika kuwauza kudakali masiku, makamaka mwezi ukakhala wowala poti ndi pamene sapita kokoka usipa.