Kodi digiri yoyamba ya psychology imamukonzekeretsa munthu ntchito yanji?

Wosinkhasinkha analemba:

Ndikupempha malangizo kwa inu amene munaphunzira psychology kuyunivesite kapena amene mumaiphunzitsa. Ndatsala pang'ono kusankha phunziro loti ndikhazikike nalo pa digiri yanga yoyamba, ndipo mtima wanga wakhala uli pa psychology kuyambira kale, makamaka chifukwa anzanga akakhala ndi zowasautsa amakonda kudzandiuza ine, ndipo ndimaona kuti ndimatha kumvetsera munthu mpaka mtima wake utakhala pansi. Cholinga changa n'choti ndidzathandize anthu ovutika maganizo. Makolo anga akukayika, ndipo funso lawo ndi limodzi lokha: ukamaliza udzalembedwa ntchito yanji? Kunena zoona, ndalephera kuwayankha mogwira mtima. Ndamvanso kuti m'phunziroli muli masamu ambiri, zimene zandidabwitsa, popeza sindikuona kuti manambala akugwirizana bwanji ndi mtima wa munthu. Kodi m'kalasi mumaphunziridwa chiyani kwenikweni, ndipo kodi digiri yoyambayo ndi yokwanira kuti munthu ayambe kuthandiza odwala?

Mphunzitsi wa Kafukufuku anayankha:

Ndaphunzitsa phunziroli kwa zaka zingapo, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya masamuyo chifukwa m'pamene ophunzira ambiri a chaka choyamba amapunthwa. Ambiri amabwera akuyembekezera kuti aphunzira kudziwa za mumtima mwa munthu pongomuyang'ana, kapena kumasulira maloto monga ankachitira Sigmund Freud ku Vienna. Freud mudzamumva ndithu, koma m'mayunivesite ambiri masiku ano amatchulidwa makamaka pophunzira mbiri ya phunziroli, kenako n'kusiyidwa. Chiyambi cha psychology monga sayansi yoima payokha amachiwerengera kuchokera mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula labotale ku Leipzig m'dziko la Germany, ndipo ntchito ya kumeneko sinali yotonthoza osweka mtima, koma kuyeza zinthu monga nthawi imene imapita munthu asanachitepo kanthu akamva phokoso kapena akaona kuwala. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus anafalitsa zimene anapeza ataloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa yekha pakapita mphindi, maola ndi masiku, ndipo anaonetsa kuti zambiri zimaiwalika mofulumira poyambirira penipeni, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Phunziroli linabadwa likuwerengetsa, ndipo silinasiye.

Chifukwa chake n'chakuti aliyense ali ndi maganizo ake pa zimene zimachititsa munthu kukwiya, kuiwala kapena kumvera, ndipo maganizowo amamveka anzeru kufikira tsiku limene ayesedwa. Ambirife timakhulupirira kuti munthu amene anaona ngozi ndi maso ake amakumbukira zimene zinachitikadi. Mu 1974, Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu mafilimu a ngozi za galimoto n'kuwafunsa liwiro limene galimotozo zinkathamanga. Amene anafunsidwa ndi mawu osonyeza kuti galimoto zinaphwanyana anatchula liwiro lalikulu kuposa amene anafunsidwa ndi mawu ofatsa akuti zinagundana, ndipo patapita sabata imodzi, ambiri mwa amene ananena kuti anaona magalasi osweka anali a gulu loyambalo, pamene mufilimumo munalibe galasi losweka. Tsono kuti munthu anene motsimikiza kuti kusiyana kwa magulu awiri otere n'kwenikweni, osati kongochitika mwamwayi, ayenera kudziwa ziwerengero. N'chifukwa chake pafupifupi chaka chilichonse mudzakhala ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku ndi la ziwerengero, ndipo mudzakhala maola ambiri pa kompyuta mukugwiritsa ntchito mapulogalamu monga SPSS kapena R. Si masamu ovuta ngati a uinjiniya, koma amafuna munthu wosathawa manambala.

Kupatula zimenezo, mudzaphunzira mmene ubongo umagwirira ntchito, ndipo simudzalephera kumva za wodwala wina amene mabuku anamutchula kwa zaka zambiri kuti H.M., yemwe atachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1953 pofuna kuchepetsa khunyu, sanathenso kukumbukira zinthu zatsopano ngakhale kuti ankalankhula ndi kuganiza bwinobwino. Mudzaphunzira kakulidwe ka maganizo a ana, kumene dzina la Jean Piaget limamveka kwambiri, komanso mmene anthu amasinthira khalidwe akakhala pagulu kapena pamaso pa wolamula. Za matenda a maganizo zilimo, koma ndi gawo laling'ono, ndipo zimaphunzitsidwa kuti muwadziwe matendawo, osati kuti muwachize.

Chomaliza chimene ndimauza ophunzira anga, ngakhale anzanga ena sakondwa nacho, n'chakuti phunziroli lili ndi mabala ake. Mu 2015, gulu lalikulu la akatswiri linafalitsa zotsatira za ntchito yobwereza kafukufuku 100 amene anali atasindikizidwa kale m'magazini odziwika a psychology, ndipo zotsatira zodalirika zinapezekanso pa kafukufuku pafupifupi 36 peresenti yekha. Ine sindiona zimenezi ngati chifukwa chothawira phunziroli. Ndimaona kuti wophunzira amene wamvetsa chifukwa chimene kafukufuku wooneka wabwino angasocheretsere anthu, watenga chinthu chamtengo wapatali kuposa mayina onse amene waloweza.

Womaliza Kale anayankha:

Mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya. Ndinafika chaka chomaliza ndikuganizabe kuti ndikalandira digiri ndikhala ndi ofesi yanga n'kumalandira odwala, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti m'mayiko ambiri digiri yoyamba siipatsa munthu chilolezo chimenecho. Ku Britain, dzina lakuti clinical psychologist, kutanthauza katswiri wa psychology wothandiza odwala maganizo, ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo amene akulifuna amafunika digiri yoyamba yovomerezedwa ndi British Psychological Society, kenako digiri yapamwamba ya psychology yotchedwa doctorate ya zaka zitatu, asanalembetse ku bungwe la Health and Care Professions Council. Ku America, zigawo zambiri zimafuna digiri ya PhD kapena PsyD, maola ochuluka ogwira ntchito moyang'aniridwa, ndi mayeso a chilolezo. Ku South Africa, munthu amadutsa digiri ya honours, ya masters, chaka chophunzira ntchito, ndi mayeso a bungwe la Health Professions Council of South Africa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma chofanana n'chakuti digiri yoyamba ndi khomo chabe, ndipo malo a maphunziro otsatirawo amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu owafuna. Ine ndinapempha malo kawiri ndipo kawiri konse sanandisankhe, ngakhale kuti ndinakhoza bwino.

Muzisiyanitsanso psychologist ndi psychiatrist, chifukwa makolo ambiri amasokoneza awiriwa. Psychiatrist ndi dokotala amene anayamba waphunzira za udokotala wa thupi lonse, kenako n'kukhazikika pa matenda a maganizo, ndipo ndi amene kawirikawiri amalembera odwala mankhwala. Ngati mtima wanu uli pamenepo, njira yake ndi sukulu ya udokotala, osati digiri ya psychology.

Pa funso la makolo anu, ndiyankhe mosabisa. Si kawirikawiri kuona malonda a ntchito olembedwa kuti akufuna munthu wa digiri yoyamba ya psychology, ndipo imeneyi ndi mfundo imene makolo anu akunena zoona. Komabe amene ndinaphunzira nawo sanakhale manja lende. Ena ali m'maofesi oona za olembedwa ntchito, ena akuthandiza pa kafukufuku wa zaumoyo, ena ali m'mabungwe osamalira ana, ena akufufuza zimene ogula amakonda, ndipo ena anawonjezera maphunziro a uphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito yowunika ngati mapulojekiti akukwaniritsa zolinga zake, ndipo chimene chinandilowetsa ntchito ndi ziwerengero zomwe zija ndinkadana nazo m'chaka chachiwiri, pamodzi ndi luso lokonza mafunso osatsogolera woyankha. Phunziroli limalowerera m'magawo ambiri, moti Daniel Kahneman, yemwe anali katswiri wa psychology, analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002 chifukwa cha kafukufuku wa mmene anthu amasankhira zinthu, amene mbali yaikulu anachita ndi Amos Tversky. Koma kufalikira kumeneko kuli ndi vuto lake: palibe amene adzakulozereni njira, ndipo mudzayenera kufotokozera nokha olemba ntchito zimene mungathe. Ngati yunivesite yanu ikulola kuphatikiza phunziro lachiwiri, monga ziwerengero, zaumoyo wa anthu kapena kayendetsedwe ka bizinesi, musazengereze.

Phungu anayankha:

Zimene anena awiriwa ndi zoona, koma ndikuopa kuti mwina mungachoke pano mukuganiza kuti mphatso yanu yomvetsera ilibe ntchito. Ili nayo. Carl Rogers, mmodzi mwa amene anaumba uphungu wa masiku ano, ankaphunzitsa kuti kumumvetsa munthu monga akudzimvera mwini wake, kumulandira popanda kumuweruza, ndi kukhala woona pamaso pake, ndiwo maziko a chithandizo. Kungoti kumvetsera mnzanu kumasiyana ndi kumvetsera mlendo pa ntchito. Mnzanu mumamumvetsera kamodzi pamwezi, mutha kulira naye, ndipo mutha kumuuza zimene inuyo mukanachita. Pa ntchito mumamvetsera anthu angapo pa tsiku, mumasunga chinsinsi chawo ngakhale chikukulemerani, mumayenera kudziwa nthawi imene chinsinsicho chiyenera kuululidwa chifukwa moyo wa munthu uli pangozi, ndipo mumafunika wokuyang'anirani woti muzimufotokozera mmene ntchitoyo ikukukhudzirani. Zimenezi digiri yoyamba ya psychology siiphunzitsa mokwanira, ndipo ngati chimene mukufunitsitsa n'kukhala pafupi ndi anthu ovutika mwamsanga, yerekezani bwino phunziroli ndi la social work (ntchito yothandiza anthu ndi mabanja ovutika m'madera), la unamwino wa matenda a maganizo kapena la uphungu weniweni, chifukwa maphunziro amenewa amatumiza ophunzira kukagwira ntchito pakati pa anthu asanamalize.

Pali mfundo ina imene a Mphunzitsi sanaikhudze, ndipo kwa ine ndi bala lalikulu kuposa lija la 2015. Mu 2008, Jeffrey Arnett anawerengera anthu amene anayesedwa pa kafukufuku wa m'magazini akuluakulu a psychology, ndipo anapeza kuti 96 peresenti anali ochokera m'mayiko olemera a Azungu, amene anthu ake anali 12 peresenti yokha ya anthu onse a padziko. Patapita zaka ziwiri, Joseph Henrich ndi anzake anaonetsa kuti pa zinthu zambiri, ngakhale mmene maso amanyengekera ndi mizere yojambulidwa, anthu amenewa ndi amene amasiyana kwambiri ndi anthu ena onse. Choncho buku likanena kuti munthu amaganiza mwakutimwakuti, muzidzifunsa kuti ndi munthu wa kuti. Izi zimakhudzanso chithandizo. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene amayi achikulire ophunzitsidwa mwachidule amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumakambirana ndi anthu mavuto awo, pogwiritsa ntchito mawu amene anthuwo amatchulira vuto lawo, lomwe m'Chishona ndi kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu othandizidwa mwa njira imeneyi anapeza bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Amayiwo analibe digiri, komabe panafunika anthu odziwa kafukufuku kuti atsimikize kuti njirayo ikugwiradi ntchito, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti mphatso yanu ndi ziwerengero za a Mphunzitsi zikhoza kukumana.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi. Mukadzafika pa phunziro la matenda a maganizo n'kuyamba kuwerenga zizindikiro zolembedwa m'buku la DSM, lomwe limandandalika matenda a maganizo, mudzadziona nokha ndi abale anu pa tsamba lililonse. Zimachitikira ambiri, ndipo si umboni wakuti mukudwala kapena kuti mwasanduka katswiri woyeza anzanu.

Wosinkhasinkha analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Za chilolezo sindinkazidziwa n'komwe, ndipo ndikuona kuti ndiyenera kukambirana ndi makolo anga za zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, osati za digiri yoyamba yokha. Chimene chikundivutabe n'chakuti sindikudziwa ngati mbali ya kafukufukuyo ndingaikonde kapena ndingamangoipirira. Kodi pali njira yodziyesera ndisanalembetse?

Mphunzitsi wa Kafukufuku anayankhanso:

Ilipo, ndipo siifuna nthawi yaitali. Pezani mndandanda wa maphunziro onse a digiriyo ku yunivesite imene mukufuna, muwerenge kuti a kafukufuku ndi ziwerengero ndi angati, a ubongo ndi angati, a uphungu ndi angati, ndiponso mufunse ngati digiriyo imavomerezedwa ndi bungwe lopereka chilolezo m'dziko limene mudzagwiremo ntchito. Mukatero, pezani lipoti la Stanley Milgram la mu 1963 lonena za kumvera olamula, lomwe ndi lalifupi, ndipo musathamangire pa mfundo yotchuka yakuti anthu 26 mwa 40, atalamulidwa kulanga munthu wina ndi magetsi amene iwo ankaganiza kuti ndi enieni, anapitiriza kumvera mpaka pa mphamvu ya magetsi ya mavoti 450. Werengani gawo lofotokoza mmene anthuwo anapezekera, zimene anauzidwa ndi zimene anabisiridwa, kenako mulembe pa pepala zinthu zitatu zimene zikukukayikitsani pa kafukufukuyo. Mukatha, mubwere nazo pano kuti tidzazione limodzi, ndipo a Phungu ndikudziwa kuti adzafuna kuyamba ndi mfundo yakuti anthu 40 onsewo anali amuna a m'dera limodzi la ku America.