Kodi bandi ya WITCH ya ku Kitwe ija inatha chifukwa chani?

gitala_wa_kuMchinji:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndakhala ndikumvera nyimbo za WITCH pa YouTube, bandi ya rock ija ya ku Zambia, ndipo ndamva kuti chimbale chawo choyamba cha Introduction anachitulutsa okha popanda kampani. Nde anthu oyimba bwino chonchi, oti anadziyambira okha mpaka kutchuka dziko lonse, anabalalika bwanji? Anakangana pa ndalama kapena chani?

wakuChipata:
Achimwene nkhani yake ndiyaitali. Anyamatawa anayamba kumayambiriro kwa ma 1970 ku Copperbelt, woyimba wawo Emmanuel Chanda amene anthu amangomuti Jagari. Nthawi imeneyo ku Zambia kunalibe fakitale yodinda ma rekodi, nde anajambula ku Malachite ku Chingola, situdiyo yomwe inali ya za mafilimu, matepi nkupita nawo ku Nairobi kukadinditsa, pobwera nkumagulitsa okha kumadansi kwawo. Nchifukwa chake ukamamvera chimbale chimenecho mawu ake ndi okhakhala, gitala ikuchita kulira ngati sipika yang'ambika, koma kukoma kwake kuli pompo. Kenaka a Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo pa wailesi zizikhala za ku Zambia konko, mabandi anapezerapo mwayi, WITCH nkutulutsa Lazy Bones mu 1975, Lukombo Vibes mu 1976. Koma ndalama zonse za mu Copperbelt zimachokera ku mkuwa, mtengo wa mkuwa utagwa m'katikati mwa ma 70 anthu a ku migodi analibenso yolowera kudansi olo yogulira rekodi. Pamwamba apo nkhondo ya Rhodesia (Zimbabwe ya lero), mu 1978 ndege za ku Rhodesia zinaphulitsa kampu ya omenyera ufulu a ku Zimbabwe ku Chikumbi kufupi ndi Lusaka, boma nkumaletsa kuyenda usiku, magetsi kuzimitsa. Bandi yodalira kuyimba usiku idya chani pamenepo?

NaPhiri_Ndola:
Zoona a wakuChipata koma musaiwale kuti siinathe tsiku limodzi. Jagari anachoka kumapeto kwa ma 70 kupita ku sukulu nkukhala mphunzitsi, anzake anapitiliza, kunabwera Patrick Mwondela pa kiyibodi nkusintha kupita ku disiko, Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Ena amanyoza zimbale zimenezi koma ine ndimazikonda kwambiri, anayesetsa kutsata zomwe anthu amavina nthawi imeneyo. Kungoti eni malo ovinirako anaona kuti kulipira munthu mmodzi woyika ma rekodi nkotchipa kuposa bandi yonse, kwinaku kalindula nayo yalanda msika.

gitala_wa_kuMchinji:
Nde kuti sikukangana ayi? Nanga enawo ali kuti, bwanji sanabwererane zinthu zitayamba kuyenda?

wakuChipata:
Apa ndi powawa. Edzi inapha oyimba ambiri a m'badwo umenewo, ndipo mwa amene anayambitsa WITCH watsala ndi Jagari yekha. Iyeyo anakhalaponso zaka akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti banja lidye, munthu woti anadzadzitsapo maholo. Chimandipweteka nchoti matepi ndi ma rekodi ambiri a nthawi imeneyo sitinasunge, anachita kubwera a Now-Again Records a ku America kudzatulutsanso nyimbo zawo mu 2012 kuti dziko lizimvenso.

NaPhiri_Ndola:
Koma dzinalo linadzuka achimwene, Jagari ndi Mwondela akuyimbanso limodzi ndi anyamata ena a kunja, mu 2023 anatulutsa Zango. Mukamaliza WITCH mufufuzenso bandi ya Amanaz, a ku Kitwe komweko, iwowo anangotulutsa chimbale chimodzi basi cha Africa mu 1975 nkubalalika. Muyambe ndi chimenecho mudzandiuza.