Kodi kuwala kwa mlengalenga pa chisisira tingakuyeze tili ku Angónia kuno?

Mphunzitsi, Ulongué:
Ndimaphunzitsa fizikisi ku sekondale, ndipo ophunzira anga andifunsa za kuwala kozilala kumene mpweya wa m'mwamba kwambiri umatulutsa wokha dzuwa likalowa, kumene akatswiri amakutcha airglow. Tili ndi kamera ya digito ndi choikapo chake cha miyendo itatu basi. Kodi nzokwanira, nanga nchifukwa chiyani amakonda kuyeza pa chisisira osati pakati pa usiku?

Wa ku Furancungo:
Aphunzitsi, nkhani yagona pa mthunzi wa dziko. Dzuwa likamira, ife pansi pano mdima umatigwira msanga pamene mpweya wa m'mwamba ukadali padzuwa, ndipo mthunziwo umakwera pang'onopang'ono monga umachitira pa phiri la Dómuè madzulo. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 pali sodiyamu wotsalira ku timiyala ta mlengalenga timene timapsa tikamagwa, ndipo akawombedwa ndi dzuwa amawala mwachikasu pa mananomita 589 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Amaoneka bwino dzuwa likakhala madigiri pakati pa 6 ndi 10 kunsi kwa chizimezime. Likapitirira apo, mthunzi wamufika kale. Poona nthawi imene kuwalako kwazimira, munthu amawerengera kutalika kwa pamene pali sodiyamuyo. Koma kwathu kuno, kufupi ndi ikweta, dzuwa limatsika digiri imodzi pa mphindi zinayi zokha, choncho mwayi wonsewo sukwana ngakhale mphindi 20.

Mayi wa ku Moatize:
Ndiwonjezerepo chenjezo. Nyale zachikasu za m'misewu zimawala pa mananomita 589 omwewo, ndipo kuno fumbi la malasha limamwaza kuwala kwake thambo lonse. Inu muli pamalo okwera, zimene nzabwino, koma pewani Seputembala ndi Okutobala, pamene utsi wa moto wa m'tchire umachititsa dzuwa kulowa lili psuu ngati khala.

Wa ku Furancungo:
Mayi anena zoona. Za kamera, kunena mosabisa, pa chisisira sikwanira, chifukwa kuwala kwa dzuwa komwazika kumaphimba zonse. Akatswiri amagwiritsa ntchito photometer (chida choyezera kuwala) yokhala ndi sefa yopyapyala kwambiri yolola mtundu umodzi wokha wa kuwala, amayezanso pambali pang'ono pa mtundu wa kuwalawo kuti achotsere kuwala kosafunika, ndipo zotsatira amazilemba m'muyeso wa rayleigh. Chimene kamera yanu ingathe ndi kujambula kuwala kobiriwira kwa okosijeni, kwa mananomita 557.7, kumene Anders Ångström anakuzindikira mu 1868. Dikirani dzuwa lipitirire madigiri 18, usiku wopanda mwezi, mulozetse kamera chapafupi ndi chizimezime, ndipo muitsegule masekondi 20 kapena 30.

Mphunzitsi, Ulongué:
Zikomo kwambiri nonse. Tiyamba ndi wobiriwirayo mu Juni mwezi ukakhala kumdima, kuseri kwa sukulu kumene kulibe nyale. Za sefayo, kodi imakwanika pa kamera wamba, kapena imafuna galasi lakelake?