Thandizeni: fedulo ndi mphamvu za makhonsolo zimasiyana pati?

Akuluakulu a m'gulu muno, ndine mphunzitsi wa Civic Education pa sekondale ina kuno ku Matero. Lachisanu ana anga a Grade 12 ali ndi mtsutso wakuti Zambia ikhale ya fedulo (boma lalikulu kugawana mphamvu ndi maboma a zigawo) kapena ayi. Mtsikana wina wandipanikiza: "Aphunzitsi, CDF, ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, meya timasankha tokha, nanga fedulo ndiye chiyaninso?" Za m'buku ndamuuza, koma wangondiyang'ana. Ndimufotokozere bwanji?

Wophunzira zamalamulo: Aphunzitsi, m'bwezereni funso: wakupatsa ndalamazo angakulande kapena ayi? CDF imabwera ndi bajeti, ndipo Nyumba ya Malamulo yomwe inaikwezayo ikhoza kuitsitsa. Mu fedulo mphamvu za zigawo zimalembedwa m'malamulo aakulu a dziko, boma lalikulu silingazifufute palokha. Ku America, kuti malamulowo asinthe pamafunika zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Chigawo chilichonse chimavotera bwanamkubwa wake, chili ndi nyumba ya malamulo, makhoti ndi misonkho yake. Asilikali, ndalama ya dziko ndi nkhani za maiko akunja zili kwa boma lalikulu ku Washington. Zomwe sizinapatsidwe kwa boma lalikulu zimatsala ndi zigawo ndi anthu, ndi mmene anagwirizanirana mu 1791. Akakanganirana malire, amaweruza ndi khoti lalikulu. Kuno nduna ya Eastern Province amaisankha ndi Pulezidenti, ndipo ku Chipata kulibe nyumba yopanga malamulo.

Amayi a ku Chilenje: Komatu malamulo aakulu a dziko a 2016 aja anandandalika ntchito za makhonsolo, misika, zinyalala, manda. Si zomwezo?

Wophunzira zamalamulo: Anandandalikadi mayi, koma malamulo omwewo amati Zambia ndi dziko la boma limodzi losagawika. Khonsolo imayendera malamulo opangidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill.

Agogo opuma pantchito, Libala: Ana inu, fedulo tinaiona ife. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Mkuwa unkakumbidwa ku Kitwe ndi ku Luanshya, ndalama n'kupita ku Salisbury, likulu la chitaganyacho (Harare ya lero). Damu lomwe tinkayembekezera pa Kafue analisiya, n'kumanga la Kariba, makina a magetsi n'kuwaika tsidya la kumwera, ku Southern Rhodesia. Musandiuze zambiri.

Wa ku Kabwata: Agogo, ndi ulemu wonse, chimene chija anachita kutikakamiza, ndipo anthu akuda ambiri sankavota n'komwe. Aphunzitsi, atengereni anawo ku Nigeria. Zigawo zilipo 36, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, komabe zambiri zimakhalira kudikira ndalama za mafuta zogawidwa ku Abuja. Ine ndikuona kuti mtsutso weniweni uli pa thumba. Zigawo zikamasunga misonkho yawo, Copperbelt ndi North-Western adzadya bwino ndi migodi yawo, nanga Luapula ndi Western aphunzitsi ndi manesi adzawalipira ndi chiyani? Ku Germany zigawo zolemera zimathandiza zosauka mwalamulo, koma ngakhale kumeneko olemerawo amang'ung'udza.

Mphunzitsi: Zikomo nonse. Funso la wakupatsa angakulande ndalitenga, la thumba ndipatsa gulu lotsutsa. Chatsala chimodzi: mwana wina walemba kale mfundo za pangano la Barotseland la 1964, lomwe linalonjeza Alozi mphamvu zina zodzilamulira, ndipo m'kalasimo muli ana a ku Mongu, kwawo kwa Alozi. Ndimulole azitchule, kapena ndiyambe ndaonana ndi ahedi?