Kodi FBI ingafufuzedi mlandu m'dziko la eni ngati mu The Kingdom?

Chisale_LL: Abale, amene munaonera filimu ya The Kingdom ya 2007 ija, Jamie Foxx atatenga anzake atatu a FBI (apolisi ofufuza a boma la America) kupita ku Riyadh bomba litaphulika pamalo okhala Aamerika: kodi zimatheka apolisi a dziko lina kungofika n'kuyamba kufufuza? Nanga kukumba m'dzenje la bomba kuja kuli ndi phindu lenileni?

Nagama: Sangofika ayi, achimwene. FBI ilibe mphamvu yomanga munthu ku Saudi Arabia. Imalowa pokhapokha boma la kumeneko lavomera, ndipo nkhani zotere zimadzera kwa nthumwi yawo ya ku ofesi ya kazembe. Ngakhale Interpol simanga munthu, imangolumikiza apolisi a mayiko. Choncho pamene Colonel Al-Ghazi, wapolisi wa ku Saudi wa mu filimuyi, akuwaletsa kukhudza umboni koyambirira kuja, mpamene filimuyi yanena zoona kwambiri. M'moyo weniweni, bomba litaphulika ku Riyadh mu November 1995, anthu anayi amene anagwidwa anaphedwa podulidwa mitu mu May 1996 FBI isanawafunse kanthu. Mwezi wotsatira, pa 25 June, bomba la ku nyumba za Khobar Towers, ku Saudi komweko, linapha asilikali 19 a ku America, ndipo panadutsa zaka ziwiri FBI isanaloledwe kumvetsera nawo mafunso a oganiziridwa, a FBI-wo ali kuseri kwa galasi.

Phiri_Zomba: Za dzenjezo n'zoona ndithu. Poyamba amatchinga malo mpaka kupitirira pamene pagwera chidutswa chakutali kwambiri. Kenako amagawa malowo m'timabokosi ta manambala, kujambula chilichonse chisanasunthidwe, n'kumasefa dothi la kabokosi kalikonse palokha. Ngati m'dzenje mwadzaza madzi amapopa kaye, matope nawo amasefedwa. Zitsulo amazipukuta ndi thonje kuti ku labotale akaone mtundu wa mankhwala ophulika, ndipo thumba lililonse limalembedwa amene walitola, malo ndi nthawi. Siginecha imodzi ikasowa, loya wa woimbidwa mlandu amangoti umboni unasinthidwa, khoti n'kuukayikira.

Chimene amachisaka kwambiri ndi chitsulo cholemera cha galimoto, chifukwa sichinyenyeka. Ku Oklahoma City ku America mu 1995, bomba la m'lole litaphulika, nambala ya pa ekiselo yakumbuyo ndiyo inawafikitsa kumene lole ija inabwerekedwa. Chimene chimawononga zonse ndi changu choyeretsa malo. Ku Rawalpindi ku Pakistan mu December 2007, malo amene anaphedwera Benazir Bhutto, nduna yaikulu yakale ya dzikolo, anatsukidwa ndi mipope ya madzi tsiku lomwelo, moti apolisi a ku Britain a Scotland Yard atafika umboni wambiri unali utapita.

MamaTiya: Ndikuwonjezerapo pa mawu a Nagama. Filimuyi yanamiza pa liwiro ndi mfuti. Masiku asanu amene a FBI anapatsidwa mu filimuyi sangakwane, ndipo alendo sathamanga m'misewu ya eni n'kumawombera. Ntchito yeniyeni ili pa womasulira ndi wapolisi wakomweko amene amadziwa kulowa pakhomo la munthu mwaulemu. Jennifer Garner, wa FBI mu filimuyi, kuletsedwa kugwira mitembo ya Asilamu kuja si nkhani yaing'ono: mwambo umafuna maliro aikidwe msanga, pomwe dokotala akufuna nthawi yochotsa zidutswa m'thupi.

Mukafuna chitsanzo chimene mgwirizano unayenda bwino, onani za ku Nairobi pa 7 August 1998, pamene bomba linaphulika pa ofesi ya kazembe wa America ndipo anthu 213 anafa. Apolisi a CID a ku Kenya ndi a FBI anamufunsira limodzi Mohamed al-Owhali, mmodzi mwa oganiziridwa, Kenya inalola kuti atengedwe, ndipo khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2001.