Owerenga anayi asiyira pa tsamba lachiwiri: ndidule kapena ndisiye?

Naphiri (mkonzi):
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi nkhani yaifupi ya mlembi wachinyamata, mawu pafupifupi 3,000, yoti ilowe m'buku la nkhani zopeka za sayansi lomwe tikusonkhanitsa. Mayi akusiya mwana wake atangokwanitsa zaka 6, n'kukwera chombo chopita ku Proxima Centauri, nyenyezi yomwe kuwala kwake kumatenga zaka 4.2 kuti kufike kuno. Chombocho chikuthamanga pa 87 peresenti ya liwiro la kuwala. Pobwera, kwa mayiyo padutsa zaka 5 zokha, koma mwana uja akukwanitsa 16. Ndinapereka nkhaniyi kwa anthu asanu ndi awiri. Anayi anasiyira pa tsamba lachiwiri, pomwe mlembi akufotokoza za Einstein ndi kuchedwa kwa nthawi kwa munthu woyenda pa liwiro lalikulu chonchi. Mmodzi mwa anayiwo anachita kulemba kuti wabwerera nkhani, osati kalasi. Awiri anafika kumapeto, akuti misozi inalengeza. Wotsalayo akungoti penapake sipakugwirizana, koma sakupaloza. Ineyo nkhaniyi yandigwira mtima, sindikufuna kuipundula.

aMbewe (mlembi):
Mayi, musathamangire kudula. Afunseni kaye anayiwo: anasochera kapena anatopa? Ndi matenda awiri osiyana. Wosochera amafuna chiganizo chimodzi chomveka. Wotopa anamva bwinobwino, kungoti pa tsambalo panalibe munthu woti amudere nkhawa. Ndikuganiza kuti anu ndi otopa, chifukwa mayi uja wangotsanzikana ndi mwana, mtima wa owerenga uli m'mwamba, kenaka mlembi akuwakhazika pansi kuti amve zomwe Einstein analemba mu 1905.

aBanda (mphunzitsi wa fizikisi):
Masamu a zaka ali bwino. Pa liwiro limenelo wotchi ya m'chombo imayenda theka la ya kuno. Ulendo wopita ndi kubwera ndi zaka pafupifupi 10 kwa otsala, 5 kwa woyenda. Funso langa ndi lina: kodi awiriwa amalumikizana ali pa ulendo?

Naphiri:
Eya aphunzitsi. Mwana amatumiza uthenga wa mawu tsiku lake lobadwa chaka chilichonse, mayi n'kumaumva miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

aBanda:
Ndi pamenepo pomwe wowerenga wanu wachisanu ndi chiwiri anapunthwa. Uthenga nawonso umayenda pa liwiro la kuwala, ndiye ukuthamangitsa chombo chomwe chikuthawa pafupifupi mofanana nawo. Popita, mauthenga otumizidwa chaka ndi chaka angamamupeze kamodzi pa zaka 3.7 za m'chombo. Koma ulendo wopitawo kwa iye ndi zaka ziwiri ndi theka basi. Choncho mpaka kukafika ku nyenyeziyo samva liwu la mwana wake ngakhale kamodzi. Zii. Akangotembenuka, zinthu zimasintha: tsopano akukumana nawo mauthengawo panjira, umodzi pa miyezi itatu iliyonse ndi timasiku pang'ono. Onse asanu ndi anayi amupeza pobwerera. Ndawerengera ngati chombo chikutembenuka nthawi yomweyo osaima, ndipo ndasiya nthawi yonyamuka ndi yochepetsa liwiro, koma chithunzi chake n'chomwecho.

aMbewe:
Aphunzitsi, mwandiimitsa tsitsi. Taganizani: zaka ziwiri ndi theka ali chete, akudzifunsa ngati mwana anamukwiyira. Kenaka kaliwu ka zaka 7. Miyezi itatu, ka zaka 8. Asanazolowere, liwu layamba kusweka, mnyamata wasiya kunena kuti amama ndakusowani, akungopereka moni wamwambo. Mayi akumva mwana wake akukula mothamanga ndipo palibe chomwe angachite. Tsamba lachiwiri lija silikufunikanso, chifukwa owerenga aimva sayansiyo m'chifuwa. Chiganizo chimodzi cha woyendetsa chombo chochenjeza mayiyo kuti asadikire uthenga popita, chakwana.

Nachisale (mkonzi):
Ndikugwirizana nanu pa za mauthenga, koma pa kuchotseratu tsamba lonse ndikukana. Alipo owerenga omwe amabwerera lingaliro lenilenilo, ndipo mtundu uwu wa nkhani unakula nawo. Magazini ya Amazing Stories, yomwe Hugo Gernsback anayambitsa mu 1926, inkasindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi maadiresi awo, ndipo anthu ankatsutsana za sayansi ya m'nkhani mpaka kuyamba kulemberana okhaokha. Awiri anu omwe analira aja, mwawafunsa ngati tsambalo linawathandiza? Mwina analira chifukwa anamvetsa kuti zaka zotayikazo si matsenga, ndi lamulo la chilengedwe lomwe silimva kupepesa. Ine ndingasiye ndime imodzi, koma ndiisunthire pakati, pomwe mayi ali yekha m'chombo akuwerengera pa pepala chifukwa chomwe kulibe uthenga. Pamenepo owerenga akhala akufuna yankho ngati iye.

Chinanso, achemwali: nkhaniyi ndi ya mwini wake. Musamutumizire zomwe aMbewe alembazi ngati ndondomeko, angadzakubwezereni nkhani ya aMbewe. Mupatseni masamu a aBanda ndi mawu a owerenga momwe anawanenera, aone yekha chomwe chabisala m'menemo.

Naphiri:
Ndawaimbira awiri mwa anayi aja. Onse akuti anamva, kungoti anafuna kubwerera kwa mwana. Ndiye aMbewe munalasa. Mlembi ndamutumizira masamu okha ndi funso limodzi: mayiyu akumva chiyani chaka chachiwiri cha ulendo? Wayankha pasanathe ola kuti ndimupatse masabata awiri. Ikabwera ndidzaipereka kwa owerenga atsopano omwe sanaone yoyambayi, komanso kwa wachisanu ndi chiwiri uja. ABanda, mudzaionenso manambala isanapite kosindikiza?

aBanda:
Tumizani mayi. Mumuuzenso asankhe ngati chombo chikukhalitsa ku nyenyeziko, chifukwa chikaima kumeneko kupitirira miyezi inayi ya kuno, uthenga woyamba umupeza asananyamuke ndipo zaka za mwana zisintha.