Magalasi a VR pa PS4: angapirire kutentha ndi magetsi a kuno ku Chigwa cha Shire?

Wa pa Nchalo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu ka magemu pa Nchalo, ma PlayStation 4 (PS4) Slim awiri, iliyonse ndi TV yake ya mainchesi 32. Munthu wina ku Limbe akugulitsa PlayStation VR yogwirapo kale ntchito, magalasi ovala kumutu aja oonetsa gemu ngati uli momwemo, akuti zonse zilipo. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama? Anyamata angamenyerepo FIFA? Nkhawa ina ndi dzuwa lathu la Okutobala, komanso magetsi akazima ndimadalira batire ndi inveta.

Zingwe Zinayi, Bangula

Achimwene, mawu oti "zonse zilipo" musawakhulupirire musanawerenge nokha. Choyamba funsani kuti ndi VR iti. Yoyenda pa PS4 ndi yoyamba ija, yomwe Sony inatulutsa mu Okutobala 2016. PS VR2 ya 2023 ndi ya PS5, pa PS4 siyaka n'komwe.

Ya 2016 si magalasi okha ayi. Pali kabokosi kakuda kotchedwa Processor Unit kamene kamakhala pakati pa PS4 ndi TV, kali ndi adaputala yakeyake ya 12V. Pali chingwe cha HDMI chochoka pa PS4 kupita ku kabokosiko, china chochoka ku kabokosi kupita pa TV, chingwe cha USB, ndiye chingwe chachitali chopita kumutu. Pamwamba pa zonsezi pakufunika PlayStation Camera. Ogulitsa ambiri amaiwala kamerayi dala chifukwa poyamba inkagulitsidwa payokha, koma popanda iyo magemu a VR sayamba, poti ndiyo imaona timagetsi tabuluu ta pa magalasi n'kudziwa kuti mutu waloza kuti.

Onaninso nambala. Pali CUH-ZVR1 ndi CUH-ZVR2, ndipo zingwe ndi mabokosi awo sizisinthana. Wina akakupatsani magalasi a mtundu uwu ndi bokosi la mtundu winawo, mwagula chokongoletsa shelefu.

Muyiyese pomwepo. Valani, yang'anani pamalo oyera kuti muone ngati pali kadontho kakuda kapena kofiirira kosasuntha. Gwedezani chingwe pamene chalowera kumutu: chithunzi chikamathima n'kuyakanso, ndiye kuti waya unaduka m'kati. Malensi muwapendeke pa kuwala, chifukwa amene amavala magalasi a maso amawakanda pakatikati, ndipo kukandika kwa pamenepo sikuchoka.

Mlongo wa ku Ngabu

Funso la FIFA ndiye lofunika kuposa onse, ndipo yankho ndi loti ayi. FIFA, kapena FC monga akuitchulira masiku ano, ilibe VR. eFootball chimodzimodzi. Mukavala mudzangoona sikilini yaikulu ikulendewera mumdima ngati muli m'holo ya kanema, ndipo chithunzi chake sichiposa cha pa TV yanu. Diso lililonse limalandira timadontho ta chithunzi 960 x 1080 basi.

Taganizani kaye za ndalama. Pa mpira pamakhala anthu awiri pa makina amodzi, onse olipira, wogonja n'kufuna kubwezera. VR ndi mutu umodzi, ndipo PS4 imodzi imakhala yagwidwa yonse. Chokoma chake n'choti TV imaonetsa zomwe wovalayo akuona, ndiye anthu amaunjikana kudzaseka mnzawo akamakuwa. Choncho muitenge ngati nyambo yoitanira anthu, mulipiritse pa mphindi 10, osati pa ola.

Magemu oyambira nawo: PlayStation VR Worlds, momwe muli kutsikira pansi pa nyanja m'chikhola shaki n'kubwera, munthu amangokhala pampando osagwira chilichonse. Astro Bot Rescue Mission imayenda ndi padi wamba wa DualShock 4. Beat Saber ndi yokoma koma imafuna timitengo tiwiri ta PS Move, ndiye funsani ngati tili pamtengo womwewo. Resident Evil 7 musayambitse nayo mlendo, imachititsa nseru ngakhale ozolowera.

Nseruyo imabwera chifukwa maso akuti ukuyenda pamene m'khutu, momwe thupi limadziwira kuti laima bwanji, mukuti wakhala phee. Munthu akangoyamba kutuluka thukuta lozizira kapena kumeza malovu pafupipafupi, avule pomwepo, asalimbikire. Ana osakwana zaka 12 Sony imaletsa.

Wokonza ma TV, Chikwawa Boma

Ine ndinene za kutentha. Buku la PS4 limati makinawa agwire ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 35. Kuno mu Okutobala ndi Novembala 40 timaidutsa, ndiye m'shopu ya malata opanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. PS4 ikamayendetsa VR imalimbikira kwambiri, fani imalira ngati chigayo, kenako uthenga wotentha n'kuzima. Kabokosi kaja nakonso kali ndi kafani kake kakang'ono, musakaike pamwamba pa PS4 kapena m'kabati. Siyani mpata wa masentimita 10 mbali zonse, ndipo fumbi la m'timabowo muzilipukuta ndi burashi youma sabata iliyonse. VR muziyatsa m'mawa kapena dzuwa likapendeka.

Dzuwa lili ndi zoopsa ziwiri. Likalowa pa malensi, iwo amaliunjika pamalo amodzi monga galasi loyatsira moto, ndipo sikilini ya m'kati imapsa kadontho kosachira. Osawasiya pawindo kapena pakhonde ngakhale pang'ono, muziwabwezera m'katoni. Chachiwiri, kamera ikayang'ana khomo lowala imasokonezeka, chithunzi chimayamba kunjenjemera kapena kutsetserekera kumbali. Ikani katani, chotsani kalilole ndi timagetsi tokongoletsa tam'mbuyo mwa wosewera, ndipo akhale pafupifupi mamita awiri kuchokera pa kamera. Chithunzi chikakhota, dinani batani la OPTIONS la pa padi osasiya mpaka chibwerere pakati.

Thukuta nalo ndi mdani. Munthu wochokera padzuwa akavala, malensi amachita nthunzi, ndiye aziyamba wapukuta nkhope, ndipo kafani kazimuuzira. Labala yotchinga kuwala imachoka, mutha kuitsuka ndi madzi n'kuiumitsa pamthunzi. Malensi okha ndi kansalu kofewa kouma, sipiriti ayi, imawononga. Ndipo wa maso ofiira otuluka manthongo asavale, mungagawire mudzi wonse.

Zingwe Zinayi, Bangula

Pa za inveta, tiwerengere limodzi. PS4 Slim, kabokosi ka VR ndi TV ya mainchesi 32, muziika pafupifupi 200W kuti musadzinamize. Batire ya 12V 100Ah ndi 1,200Wh papepala, koma ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi siikhalitsa. Zatsala 600Wh, inveta idyeko zake, ndiye ndi pafupifupi maola awiri ndi theka pa makina amodzi. Inveta ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, 500W kupita m'mwamba.

Choopsa ndi mphindi imene magetsi akuthima gemu ili m'kati. PS4 ikazima mwadzidzidzi hard drive imasokonekera. Zikatero dinani batani loyatsira osasiya mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, lumikizani padi ndi chingwe cha USB, musankhe Rebuild Database. Wovala magalasi naye amangoti mdima bii ali chiimire, n'chifukwa chake mpando ndi wabwino, komanso chingwe chizidutsa kumbuyo kwake.

Wa pa Nchalo

Takhuta akuluakulu. Nanga ndikadzagula PS5, magalasi amenewa adzatayika? Mnzanga wa ku Nsanje ali ndi Xbox, iyeyo agule ati?

Mlongo wa ku Ngabu

Sadzatayika, koma kamera ya PS4 ija imafuna kaadaputala kuti ilowe pa USB ya PS5. Kamera yatsopano ya PS5 sigwira ndi VR yakaleyi. PS VR2 ndiye yophweka: chingwe chimodzi cha USB-C, makamera anayi ali pa magalasi pomwepo, koma magemu a VR yoyamba sasewereka pamenepo pokhapokha opanga atatulutsa mtundu wake watsopano.

Mnzanuyo asavutike kufunafuna, Xbox ilibe magalasi a VR. Akafunitsitsa aone VR ya Meta Quest, yomwe sifuna makina ena alionse. Batire yake imatha pakadutsa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tsiku loyamba imafuna foni, akaunti ndi Wi-Fi yamphamvu, ndiye akonzeretu bandulo yaikulu.